Mutera Kuti, ku Chileka Kapena ku Lumbadzi?

Disembala akamayandikira, abale athu a ku Joni ndi ku Mangalande amayamba kuwerengera masiku a tchuthi. Aliyense amalumbira kuti chaka chino akapondako mchenga wa kunyanja ndi kukwerako phiri. Nkhani imayenda bwino mpaka pa funso loti ndege idzatere pati. Mabwalo akulu tili nawo awiri, la Kamuzu ku Lumbadzi ndi la ku Chileka, ndipo pakati pa Lilongwe ndi Blantyre pali mtunda wa makilomita oposa 300. Nazi zina zomwe zachitikira anzathu pa mtunda umenewu.

*

Bambo wina wa ku Manchester analemba pa gulu la WhatsApp la kubanja kuti adzatera ku Lumbadzi, poti akapuma ku Senga Bay, ulendo wa maola awiri okha pa msewu wa Salima. Pasanathe mphindi, amalume ake a ku Ndirande anaimba.

"Iwe mwana, mtundu wathu umatera pa Chileka. Agogo ako popita ku Wenela anakwerera pomwepo."

"Koma amalume, kuchoka ku Chileka kukafika ku Salima ndiye kuti tsiku latha."

"Ndiye zabwinotu. Udzagona kuno, masutikesiwo adzayambe apepuka. Galimoto yolemedwa imadya mafuta."

*

Mayi wina anapeza tikiti yotsikirako mtengo yotera ku Blantyre, n'kugula zinayi mwamuna wake ali kuntchito. Malo ogona anali atalipira kale ku Nkhata Bay, makilomita oposa 500 kuchokera pa Chileka. Tchuthi chinali cha masiku asanu. Pa Zalewa anagula nzimbe, ku Balaka tayala linaphulika, ku Salima kunawadera, ku Nkhotakota mwana anadwala m'mimba.

Atabwerera kuntchito, anzawo anafunsa bamboyo ngati nyanja anaiona.

"Tinaionadi," anatero. "Popita inali kudzanja lamanja, pobwera inali kumanzere."

*

Ndege zina zimayamba zatera bwalo limodzi, kutsitsa anthu, kenaka n'kupitirira ku linzake. Mnyamata wina wochokera ku Joni anagona tulo tofa nato. Atamva matayala akugunda pansi anadzambatuka, kuwomba m'manja, kunyamula chikwama n'kutsika. Abale ake anali atachita hayala minibasi, atatenganso amayi a kwaya atatu, akudikira pa Chileka.

"Achimwene, tili panja pano, sitikukuonani."

"Inenso ndili panja."

"Mukuliona phiri la Michiru?"

"Phiri liti? Kuno ndikungoona minda ya chimanga."

Onse anangoti kukamwa yasa. Woyendetsa minibasi yekha ndiye sanataye mtima. "Musadandaule mabwana, mungowonjezerapo kangachepe. Ali pafupi ameneyo, ndi ku Malawi konkuno."

*

Amene akufuna kutuluka thukuta, wa ku Chileka ndiye mwayi wake, chifukwa Mulanje ali pafupi, kudutsa m'minda ya tiyi ya ku Thyolo. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo ambiri amayambira pa Likhubula, pomwe pamapezeka olondolera njira ndi onyamula katundu.

Bwana wina wa mimba yake anafika pamenepo atavala nsapato zatsopano, botolo la madzi m'chiuno, mayi a kunyumba ali pambuyo. Wolondolera njira anayamba ndi malangizo a makolo.

"Phiri lino lili ndi eni ake. Akulu amati mukapeza chakudya chokonzakonza m'njira, mudye nokha, osaitana mnzanu."

Mayi aja anaseka mpaka kugwira mtengo. "Mizimu isavutike n'kuwaphunzitsa awa. Lamulo limenelo akhala akulitsata kunyumba chikwatirane."

Patatha ola limodzi akukwera, bwana uja anakhala pamwala, wefuwefu, n'kukodola mnyamata wonyamula chikwama.

"Aphwanga, mtengo tinagwirizana uja ndi wa katundu yekha, kapena mwini katundu alimo?"

*

Ku Cape Maclear, komwe kuli mudzi wa Chembe, n'kumene kuli paki ya Lake Malawi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Chomwe chinaitchukitsa ndi mbuna, tinsomba ta mawangamawanga tokhala m'miyala, tomwe mitundu yake yambiri sipezeka kwina kulikonse. Anyamata a maboti amatengera alendo ku chilumba cha Thumbi kukasambira nato. Pobwerera amaimba likhweru, kuponya nsomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika kudzaiwakha alendo akujambula.

Mkamwini wina anatenga apongozi ake aakazi pa ulendo umenewu. Mbuna anaziyang'ana mwaulemu, n'kungofunsa ngati zimalola tomato. Atauzidwa kuti m'pakimo saloleza kuwedza, anakhala chete. Koma ataona nsomba yachitatu ikuponyedwa, anagwira dzanja la mnyamata wa boti.

"Bambo, nsombazi zagulidwa?"

"Eya amayi, alipira ndi akamwini anuwa."

"Ndiye mukupatsa mbalame? Mbalameyo ili ndi nyanja yonseyi, ine kunyumba ndasiya nyemba." Anatsegula kachikwama. "Zotsalazo ponyani muno, likhweru ndiimba ndekha."

*

Sitima ya Ilala yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951. Imanyamuka ku Monkey Bay kulowera kumpoto mpaka ku Chilumba, kudzera pa chilumba cha Likoma pomwe pali tchalitchi chachikulu cha St Peter's. Mnyamata wina anaganiza zokafunsira mbeta pamwamba pa sitimayi dzuwa likulowa. Mphete anagula, mawu analoweza, wojambula anamupeza. Chomwe sanafunse ndi mwezi. Anasankha Julaye, nthawi ya mwera, pomwe asodzi enieniwo amakokera mabwato kumtunda.

Dzuwa likupendeka anagwada, kugwira dzanja la mtsikana, kutsegula pakamwa. Zomwe zinatuluka sanali mawu. Mtsikanayo, yemwe nayenso anali atakumbatira ndowa, anangoti, "Chilichonse mukufuna kunenacho ndavomera, bola tikatsike."

*

Banja lina linasungitsa chipinda cha anthu anayi pa malo ogona alendo ku Mangochi. Tsiku lofika, pageti panaima galimoto yaing'ono, kumbuyo kwake lole ya matani atatu. Munatsika azakhali, alamu, ana a alamu, mbaula, thumba la makala ndi tambala womanga miyendo.

"Pepani bwana," anatero wolandira alendo, "m'buku muno mwalembedwa anthu anayi."

Amalume anabwera kutsogolo, chipewa m'manja. "Mwalemba bwino mwana wanga, alendo ndi anayiwo. Enafe ndife ongoperekeza."

"Nanga mubwerera liti?"

"Akamabwerera iwowo. Mlendo sasiyidwa panjira."

*

Tsono inu amene mukukonza ulendo, yambani mwatsegula mapu musanatsegule chikwama cha ndalama. Ngati mtima uli ku Senga Bay, Nkhotakota kapena Nkhata Bay, terani ku Lumbadzi. Ngati mukufuna Mulanje, phiri la Zomba, nyama za ku Majete kapena boti la pa Shire ku Liwonde, terani ku Chileka. Cape Maclear ili pakatikati, ndipo wochokera ku Lilongwe amatsikira pa Khwekhwerere kudzera ku Golomoti. Wofuna zonse atere bwalo limodzi n'kudzanyamukira linalo, kuti asayende msewu umodzi kawiri. Mankhwala a malungo musaiwale, makamaka kwa ana obadwira kunja, ndipo mukasambira m'nyanja kayezetseni likodzo mukabwerako. Achibale auzeni za ulendowu tikiti mutagula kale.