Bemberezi Adziwa Nyumba Yake, Koma Mankhwala Sadziwa

Akale ponena kuti bemberezi adziwa nyumba yake ankayamikira kachilombo kosasochera. Chimene sanatchule n'chakuti nyumbayo imakhala m'phaso la munthu wina, amene anagula matabwa ndi ndalama za fodya, n'kulipira kalipentala, koma lendi salandira. Masiku ano bemberezi wakonda makola amakono: khola la mbuzi lam'mwamba lija amalimbikitsa alangizi, ndi la nkhuku lamatabwa a paini osapenta. Mwini khola amangodzuka m'mawa n'kupeza kamulu ka utuchi pansi pa mtanda, pamwamba pake kabowo kobulungira bwino ngati kobooledwa ndi makina.

Akatswiri a tizilombo mwambiwu sautsutsa. Abemberezi, amene m'mabuku amalembedwa kuti Xylocopa, alipo mitundu pafupifupi 500 padziko lonse, ndipo ambiri amabwerera kubowo lomwelo chaka ndi chaka. Ana akakula amalowa m'nyumba ya mayi wawo n'kuwonjezera zipinda, osapita kwa amfumu kukapempha malo. Mmisiri wake ndi wamkazi. Amaboola khomo lokwana pafupifupi sentimita imodzi, akalowa pang'ono amakhota n'kutsata mulitali mwa thabwa, kenako amagawa njirayo m'tizipinda. M'kachipinda kalikonse amaika kambulunga ka mungu wosakaniza ndi timadzi ta m'maluwa, amaikira dzira limodzi, n'kutseka ndi utuchi. Thabwalo sadya ayi, kudya matabwa ndi mlandu wa chiswe. Bowo limodzi silingagwetse khola, koma mbumba ikachuluka kwa zaka zingapo mtanda umatsala khungwa lokha.

Waphokoso ndi wamwamuna. Mumtundu wofala kum'mwera kwa Africa, Xylocopa caffra, iye ndi wachikasu thupi lonse, pamene mkazi wake ndi wakuda wa mizere iwiri yowala. Bamboyu amazungulira pakhomo, kulira ngati walusa, kufika mpaka pamphuno pa munthu, koma mbola alibe. Mbola ili ndi mayi, amene saluma pokhapokha wina atamugwira. Amayi ena akamva zimenezi amangoti nkhaniyi si yachilendo.

Tsono mwini khola, mtima uli m'mwamba, amakwera njinga kupita kumsika. Kumeneko venda amam'tsanulira timadzi tonunkha m'kabotolo kopanda dzina, n'kumutsimikizira kuti ameneyo amapha chilichonse. Vendayo sananame. M'gulu la chilichonse muli nkhuku, mbuzi, mphaka ndi mwana wokwawa.

Apa ndiye pagona nkhani: bemberezi adziwa nyumba yake, koma mankhwala sadziwa yawo. Munthu amapopera khola lonse masana dzuwa lili paliwombo, nthawi imene eni mabowo ali kumunda wa nandolo. Mankhwala amatera m'madeya, m'chomwera, pamazira, ndi pathabwa lija mbuzi imakonda kutafuna ikasowa chochita. Abemberezi awiri atatu amene awapeza pakhomo amagwa pansi n'kumaphupha, ndipo nkhuku, imene sinafunsepo chimene chapha ndiwo zake, imathamangira n'kumeza. Ana a bemberezi ali phee m'tizipinda tawo, kuseri kwa utuchi, osamva ngakhale fungo. Mwini khola waononga ndalama, wadwalitsa ziweto, koma alendi ake akadali momwemo.

Wina asaganize kuti zoterezi n'zakumudzi kokha. Mu 2017 mazira mamiliyoni ambiri anachotsedwa m'masitolo a ku Ulaya atapezeka ndi fipronil, mankhwala osaloledwa pa ziweto zodyedwa. Anali atasakanizidwa m'mankhwala opopera makola a nkhuku ku Netherlands ndi ku Belgium pofuna kupha tinthata toyamwa magazi. Makola ambirimbiri anatsekedwa. Anthu a magalasi ndi makompyuta amenewo analinga kanthata, mankhwala n'kukatulukira m'dzira la chakudya cham'mawa.

Asanaweruzidwe, bemberezi ayenera kumvedwa mbali yake. Lendi amalipira ndithu, kungoti amakalipirira kumunda. Duwa la magalagadeya ndi lalikulu moti njuchi wamba imangotola mungu n'kuchoka, koma bemberezi ndi thupi lake lalikulu amakhudza pofunika, chipatso n'kugwira. Amathandizanso nandolo, khobwe ndi nyemba, ndipo pa tomato ndi mabiringanya amanjenjemeretsa duwa kuti mungu utuluke, luso limene njuchi ya uchi ilibe. Wopha abemberezi onse pamudzi asadzadabwe mpanda wa magalagadeya ukadzangochita maluwa osabala.

N'chifukwa chake njira yoyamba siyofuna mankhwala n'komwe. Bemberezi amadana ndi thabwa lopentedwa bwino, amakonda louma, lofewa ndi losapaka kanthu. Penti ndi wodula, inde, koma mbuzi ndi yodula kuposa. Bowo lopanda mwini litsekedwe ndi kamtengo kosemedwa bwino. Lokhala ndi mwini, waya wolowetsedwa mpaka kumapeto amagwira ntchito. Ena amaika chipika chouma kapena mlongoti wa khonje chapatali ndi khola kuti mlendoyo akamange kumeneko. Oilo wakuda wotsala m'galimoto, amene ambiri amapaka pamitengo, asayandikire pamene mbuzi ingathe kunyambita, chifukwa muli zitsulo zapoizoni.

Zikakanika, mwambi womwewo ndiye mlangizi. Poti bemberezi adziwa nyumba yake, dzuwa likalowa amapezeka momwemo, ndipo palibe chifukwa chomusakira mudzi wonse ndi mpope. Ziweto zituluke kaye, pamodzi ndi zodyera, zomwera ndi mazira. Pansi payalidwe thumba kapena pepala. Wothirayo avale magolovesi, atseke pakamwa ndi mphuno, kenako afwetsere ufa pang'ono wa mankhwala m'bowo lenilenilo, osati pakhoma. Bowolo lisiyidwe lotsegula masiku angapo kuti wolowa ndi wotuluka adzipake yekha, kenako litsekedwe, thabwa lipentedwe. M'mawa uliwonse, nkhuku zisanayandikire, abemberezi akufa asesedwe n'kukwiriridwa mozama, poti nkhuku kupalasa ndi ntchito yake. Ziweto zibwerere nthawi yolembedwa pa lebulo ikakwana, osati mwini wake akaona ngati fungo latha.

Lebulo ija anthu amaiona ngati chokongoletsa botolo, koma safunsa anadya phula. Ndi imene imanena ngati mankhwalawo ali ololedwa m'khola, ndiponso masiku oyenera kudikira munthu asanadye mazira, mkaka kapena nyama. Mankhwala a gulu la permethrin, cypermethrin ndi deltamethrin savuta kwambiri pa nkhuku ndi mbuzi akathiridwa motsata muyezo, koma amapha nsomba ndi njuchi, ndipo permethrin ndi mdani wamkulu wa mphaka. Wokhala ndi damu la chambo kuseri kwa khola aganize kawiri. Actellic ntchito yake ndi m'thumba la chimanga, si mankhwala a vuto lililonse la pakhomo. Tameki wa m'timapepala ta pamsika asatchulidwe n'komwe pafupi ndi ziweto. Ku Malawi kuli bungwe la Pesticides Control Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2000, limene limalembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa. Kabotolo kopanda dzina kaja bungwelo silinakaonepo. Botolo lenileni likatha litsukidwe katatu, libooledwe, lisasanduke la mafuta ophikira kapena chomwera anapiye.

Ngozi ikachitika imadziwika msanga. Mbuzi yomwa mankhwala a gulu la dichlorvos kapena malathion imatuluka dovu, imanjenjemera, imatsegula m'mimba ndipo imapuma movutika. Pamenepo pamudzi pamabuka madokotala ambiri, wina ndi mkaka, wina ndi mafuta ophikira, osadziwa kuti mafuta angathandize poizoniyo kulowa msanga m'thupi. Chofunika ndi kuthamangira kwa alangizi a ziweto, botolo lili m'manja, chifukwa jakisoni wa atropine amaperekedwa ndi wodziwa muyezo. Ndipo chiweto chikafa, achibale okonda msuzi apepesedwe: nyama imeneyo isagawidwe, isagulitsidwe, ngakhale galu asapatsidwe. Ikwiriridwe.