Madzi Akatayika, Tcherani Mbale

Makolo adati madzi akatayika sawoleka. Sadaname, koma m'maganizo mwawo mudali mtsikana amene wapunthwa ndi mtsuko pochokera kuchitsime. Munthu wofuna kudziwa kukula kwa dzira sadamuwerengere, poti ameneyo amataya madzi dala, kenako n'kuwawola onse.

Dzira ndi lamwano. Njerwa mumaiyika pa rula, mulitali, mulifupi, msinkhu, basi mwathana nayo. Dzira lilibe ngodya, uku n'kosongoka, uku n'kobulungira, ndipo mukangolisiya patebulo limayamba ulendo. Ndiye mumatenga kapu, kuikhazika m'mbale youma, n'kuidzaza madzi mpaka pakamwa penipeni. Dziralo mulitsetserezemo mwaulemu, zala zisalowe, apo ayi muyeza dzira ndi chikhadabo chanu chomwe. Madzi amene asefukira m'mbale ndiwo malo amene dzira lalanda. Athireni m'botolo loyamwitsira mwana, lija la mizere, mayi ake asakuoneni. Dzira la nkhuku yachizungu lapakatikati limataya mamililita pafupifupi 50, masupuni a tiyi 10. Kukokoliko konse kwa tambala ndi kutetera konse kwa thadzi, nkhani yake ndi masupuni 10.

Nzeruyi amati idachokera kwa Archimedes wa ku Syracuse, pachilumba cha Sicily, zaka zoposa 2,200 zapitazo. Mfumu Hiero idakayikira kuti mmisiri amene adaisulira chisoti adaba golide wina n'kuikamo siliva. Nkhani imati Archimedes adalowa m'bafa, madzi n'kusefukira, mutu n'kutseguka, ndipo adathamanga mumsewu ali mbulanda akufuula kuti wapeza yankho. Kwathu kuno tikadangoti amulodza.

Mwayi wake ngwakuti nthawiyo kudalibe mafoni. Akadachita zimenezi lero, asanafike n'komwe kwa mfumu, akadakhala atazungulira kale magulu onse a pa WhatsApp, la mpingo lomwe. Apa ndiye pamene mwambi uja udasokonekera. Masiku ano madzi akatayika amawoleka bwinobwino, kungoti owola si inu. Mwatumiza uthenga wa kwa okondedwa ku gulu la kwaya, mwaufufuta mwachangu thukuta lili kamukamu, koma mayi wina wa alto, amene sagona, watchera kale mbale: waujambula.

Nanga dzira tiliyezerenji? Pitani pa okala mukaone. Pa thireyi pali mazira 30, ena aakulu, ena ooneka ngati thadzi lidaikira lili ndi ngongole, koma mtengo ndi umodzi. Shuga amayeza pa sikelo, mafuta ophikira m'kabotolo, koma dzira timagula ndi maso, wogulitsa n'kumatisankhira lakumapeto lija.

Amene safuna kunyowetsa dzira ali nayo njira yawo. Wofufuza za mbalame wina, Hoyt, adalemba mu 1979 kuti mutenge kutalika kwa dzira, muchulukitse ndi kunenepa kwake kawiri, kenako ndi 0.51. Dzira la masentimita 5.7 mulitali ndi 4.3 m'mimba limapereka mamililita pafupifupi 54. Koma kutulutsa rula pa okala, anthu ali pamzere akudikira machesi, n'kudziputira dzina loti simudzalivula.

Kapu ndiyo yabwino, chifukwa imaulula zambiri. Chikamba cha dzira chili ndi timabowo tosaoneka. Masiku akamapita madzi a m'kati amauma, mpweya umene uli kumbali yobulungira ija umakula, mpaka dzira lokhalitsa limaima chilili m'madzi, lokalamba zedi n'kuyandama. Loterolo limakana kuyezedwa, mpaka mulikanikize.

Ndiye mukafika pa okala ndi kapu yanu, musadabwe nkhope ya wogulitsa ikasintha.

"Mayi, tandigawireni madzi pang'ono ndiyeze dzirali."

"Bambo, mwabwera kudzagula kapena kudzabatiza?"

"Kungoona kukula kwake basi."

"Mukalinyowetsa ndi lanu. Likayandama, ndi lanunso."