Ulemu kwa Timadontho ta Usiku

Timadontho timene timadzaza chithunzi chojambulidwa ndi droni usiku, tomwe ojambula amatitcha noise, ndiwo antchito okhulupirika kuposa onse pa luso limeneli. Sitidikira kuitanidwa, sitipempha alawansi. Dzuwa likangolowa kuseri kwa mapiri a Kirk Range ku Ntcheu, timakhala titafika kale pantchito.

Mtundu wake ndi wodziwika bwino. Kamera imapanga chithunzi potolera kuwala pa sensa. Masana kuwala kumachuluka, mbali zonse za sensa n'kukhuta mofanana. Usiku kumagwa mwa apo ndi apo: pena pambiri, poyandikana napo pang'ono, ndipo kusiyana kumeneku ndiko kumaoneka ngati gaga wowazidwa pachithunzi. Sensa ikatentha imawonjezera take, tofiira ndi tobiriwira, kuti thambo lisakhale losasangalatsa. Sensa yaing'ono imatolera kuwala kochepa, choncho timadontho timakonda anthu wamba. Droni ngati DJI Mini 3, yolemera magalamu osakwana 250, imatilandira ndi manja awiri, pomwe makamera akuluakulu a anthu olemera timawayendera mwamanyazi.

Wojambula ali ndi njira zitatu zokopera kuwala. Yoyamba ndi kukulitsa kabowo ka lenzi, koma pa droni imeneyi kadakhomeredwa pa f/1.7. Yachiwiri ndi kuchedwetsa shata kuti ikhale yotseguka sekondi imodzi kapena ziwiri. Apa mphepo ya mwera ya mu Juni ndi Julayi imalowererapo: droni imagwedezeka pamwamba pa Tsangano, gimbo yogwirizira kamera n'kulimbana nayo mpaka kugonja, nyali za m'magolosale n'kusanduka michira. Yotsala ndi ISO. Akaikweza kuchoka pa 100 kufika pa 3200, shata imafulumira, chithunzi chimawala, timadontho tomwe tidali chibisalire mumdima n'kutuluka poyera. Ena amati ISO ndiyo imatibala. Kumeneko n'kunamizira wosalakwa. Iyo imangokweza mawu a zomwe zilipo kale.

Chilungamo chake n'chosowa. Pa Lizulu, pomwe msewu wa M1 umalekanitsa Malawi ndi Mozambique, timagwera mbali zonse ziwiri mofanana, popanda chiphaso. Magetsi akazima timachitira umboni mosaopa. Timasunganso chinsinsi: bambo wotuluka pamalo omwera mowa pakati pa usiku amasanduka kachibuluma kosazindikirika, banja lake n'kupulumuka. Dziko lino lidatsegula malo oyesererapo madroni ku Kasungu mu 2017 ndi sukulu ya African Drone and Data Academy ku Lilongwe mu 2020, koma palibe setifiketi imene idatithamangitsapo.

Adani ake ndi ambiri. Ena amajambula mu RAW kuti akatifufute pa kompyuta, ndipo akachita mopitiriza muyeso, mizere ya kachewere ndi kabichi imafufutika limodzi nato, munda n'kukhala see! Ochenjerako amajambula malo amodzi kangapo n'kuphatikiza zithunzizo. Zithunzi 4 zimatichepetsa ndi theka. Kuti titsikenso ndi theka lina pamafunika 16, batire ya droni ikutha. Amantha amangouluka chamadzulo kusanade kwenikweni, ISO ili pa 100, n'kumauza anzawo kuti adajambula usiku.