Tikuoneni, a Dzungu a Mano Pamtunda

Pa mbewu zonse za m'munda, ndinu nokha, a Dzungu, amene munakwanitsa zomwe ambirife timangolota: kusiya ntchito koma n'kumalemekezedwabe. Chimanga chimapita kuchigayo, mtedza umasinjidwa, chinangwa chimaviikidwa m'madzi mpaka kununkha. Inu ayi. Likamayandikira tsiku la Halloween, pa 31 October, ku America amakupukutani bwinobwino, kukudulani pamwamba, kukokolola zam'kati zonse, n'kukuboolani maso, mphuno ndi kamwa la mano apatalipatali. Akatero amakuikani kandulo m'mutu n'kukukhazikani pakhomo. Ntchito yanu n'kuseka basi.

Abale anu a kuno ku Lundazi nzeru imeneyi inawadutsa. Kwa Mwase, kwa Kapichila, kwa Mphamba, dzungu ndi waganyu wosalipidwa. Lilibe ngakhale mzere wakewake m'munda. Amayi amangoponya nthanga pachulu kapena pakati pa chimanga, ilo n'kumayanga lokha. Lisanabale n'komwe ayamba kale kulithyola masamba, chiwawa chotendera chili pamoto. Maluwa nawo salekereredwa. Masamba otsala amawafutsa, kuti m'chilimwe pakhale mfutso. Ikafika February ndi March, nkhokwe zili pululu, chimanga chisanakhwime, chogoneka ana ndi dzungu lophika. Nthanga amakazinga n'kuwaza kamchere. Koma ndani analijambulapo chithunzi, dzungu logwira ntchito chonchi?

Chikhalirecho kwanu n'kumodzi. Makolo anu anayamba kulimidwa ku Mexico zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, ndipo nawonso ankadyedwa. Udindo wa nyaliwu simunabadwe nawo, munachita kulanda. Anthu a ku Ireland ankasema nkhope pa mizu ya tanaposi, pokumbukira Jack, kamberembere wa m'nthano amene anapusitsa Satana. Atamwalira, kumwamba anamukana, kumoto nako anamukana, ndipo anangotsala woyendayenda mumdima ndi khala lamoto m'kati mwa tanaposi. Njala yomwe inayamba mu 1845, mbatatesi itaola m'minda, inathamangitsira anthuwa ku America, ndipo kumeneko anakupezani inuyo: aakulu, ofewa, osavuta kuboola. Tanaposi anachotsedwa ntchito popanda kalata. Taganizani, zidzukulu za anthu othawa njala n'kumasema chakudya kuti chiziopseza ana!

Kuchokera apo mwangokwererakwerera. Mu October 2013, m'tauni ya Keene ku New Hampshire, anayatsa maungu 30,581 nthawi imodzi. Mu 2023, ku Half Moon Bay ku California, mnzanu wina anakwera pasikelo n'kulemera makilogalamu 1,247, kutanthauza matumba a chimanga pafupifupi 25. Akuluakulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Wanuwo sulewa mpeni, koma mumaulandira mano ali mbee.

Alipo amiseche amene amati m'mutu mwanu mulibe kanthu. Nanga cholakwika n'chiyani? Mutu utadzaza, kandulo angakhale pati? Tawaonapo ambiri okhala pamipando yakutsogolo, mano pamtunda, owala tsiku limodzi la msonkhano, ndipo palibe anawasuzumira m'mutu. Inu mumawaposa onsewo. Simupempha voti, simulonjeza mlatho, ndipo akatha masiku ochepa mumavunda poyera, aliyense akuona, osanamizira adani.

Mutati mubwere kuno, pofikira palipo kale. Lundazi ali ndi Castle Hotel, nyumba ya nsanja zosongoka ija, yomwe bwana DC Errol Button anayamba kumanga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 m'mbali mwa damu. Munthu amene anaganiza zoimika linga la mafumu a ku Ulaya pakati pa misuku akanakumvetsani msanga. Mukanakhala pakhonde pake, alendo n'kumakujambulani.

Chovuta ndi kalendala, bwana. Kwanuko October ndi nyengo yokolola, maungu ali mbwee. Kuno ndi mwezi wa dzuwa loswa mtengo, pamene dzungu lotsala pansi pa nkhokwe ndi la mbewu, ndipo agogo amalilondera ndi ndodo. Mdzukulu woliyandikira ndi mpeni kuti aliboole maso angaone zakuda. Mu 2024, chilala chitawotcha minda mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema kulengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba anachepa ndipo magetsi ankazima maola ambirimbiri. Apo nyali yanu ikanathandiza ndithu. Koma wopeza dzungu chaka chimenecho akanasankha kulidyera mumdima.

Za kuopsa kwanu, pepani, tisanamizane. Mwana amene anathawapo Gule Wamkulu akuchokera kudambwe, fumbi lili koboo, ng'oma zikulira, sangachite mantha ndi dzungu lokhala phee pakhonde. Angakupatseni moni, n'kukufunsani ngati kandulo wanuyo mungamubwerekeko kuti awerengere mayeso.

Komabe bwerani, tidzakulandirani ndi manja awiri. Tidzayala mphasa, amayi adzalulutira, anyamata adzakunyamulani pa njinga kuchokera kumsika. Chokhacho, pemphani pokhala pamwamba, makamaka padenga. Pakhomo lililonse kuno pali mbuzi, ndipo mbuzi za ku Lundazi nthano ya Jack sizinaimvepo.