Bakha woikira wa pamsika

Ogulitsa tiana ta abakha ali ndi mwayi wodabwitsa: mukafuna kakakazi, kalikonse kamene angatole m'dengu n'kakakazi. Amakatembenuza, n'kukasuzumira kumchira ngati adokotala, kenako, "Aka sikachedwa kuikira, achimwene."

Chonsecho tianati timafanana tonse. Abakha athu ofiira kumaso aja amadziulula okha pakapita milungu ingapo: wamphongo amakula msanga, mapazi otambalala, khosi lonenepa, ndipo akakhwima amangofwenthera, salira, wamkazi amatsala wochepa thupi. Abakha oyera a Pekin amagwidwa ndi pakamwa. Wolongolola ndiye wamkazi, wamphongo ndi wosasa mawu, nthenga ya kumchira yopindika.

Pofika pamenepo gaga watha thumba lathunthu, dzira silinaoneke, wogulitsa uja anayamba kale geni ya tomato.