Mganda wa ku Glasgow

Amalawi tikakhala kunja sitifunsana za ntchito. Tikakumana pamaliro kapena pa chikondwerero cha 6 July timakamba za mvula ya kumudzi, mtengo wa feteleza, Bullets ndi Wanderers, basi. Ukangofunsa kuti, "Kodi achimwene mukugwira kuti masiku ano?" munthu amayamba watsokomola kaye, kenako n'kuti, "Ndili m'zaumoyo." Ukafufuza upeza kuti amasambitsa agogo a eni m'nyumba zosungirako okalamba, monga ndichitira inenso masana. Imeneyo ndi ntchito yabwinobwino, yafolera nyumba zambiri kumudzi ndi malata. Koma ine ndili ndi ina yachiwiri imene ndimaibisa kuposa yoyambayo. Lachinayi lililonse madzulo, m'holo ya tchalitchi china kuno ku Glasgow, ndimaphunzitsa azungu kuvina.

A kwathu ku Dowa, ndapota nanu, malizani kaye kuseka kuti ena amve nkhani.

Kwathu mganda si masewera. Anthu akangokolola, amuna amatulutsa makabudula oyera ositidwa ndi simbi ya makala, sokosi zofika m'mawondo, mabadza m'manja, ng'oma yaikulu ikugunda mpaka mudzi wachitatu. Inenso ndinali m'gulu lathu, ndipo ndinali ndi udindo: kulondera njinga ndi majekete a ovina patsinde pa mtengo wa mango. Anandiyesapo pamzere wakumbuyo. Anzanga akatembenukira kumanja, ine ndinkapezeka ndayang'anizana ndi munthu amene amayenera kuona nkhongo yanga. Malume, amene anali kingi wa gululo, anandiitanira pambali n'kundigwira paphewa. "Mphwanga, Mulungu sapatsa zonse. Iwe anakupatsa sukulu."

Ndiye zinatheka bwanji? Linali tsiku lomwelo la 6 July, titadya nsima ya ufa wogula m'sitolo ya amwenye n'kutsitsirako tina tozizira. Nyimbo ya kumudzi italira, thupi linanyamuka lokha. Nditakhala pansi, mayi wina wachizungu amene amayang'anira holoyo anabwera maso ali ng'aning'ani, n'kunena kuti chibadwire sanaonepo munthu wovina momasuka chotero, wosalabadira n'komwe zimene ng'oma ikunena. Ndinathokoza. Anafunsa ngati ndingamaphunzitse anthu, natchula ndalama ya pa ola limodzi. Ndinaisandutsa makwacha chamumtima, ndipo pamene ndinkafika pa ziro womaliza n'kuti mutu utavomera kale.

Kupeza ophunzira sikunavute. Anthu a ku Scotland nkhani ya Malawi amaitenga ngati ya pachibale. David Livingstone anabadwira kuno mu 1813, m'katauni kotchedwa Blantyre kunja kwa Glasgow, ndipo Blantyre wathu, amene amishoni anakhazikitsa mu 1876, ndi mnzake wa dzina. Mu 2005 a Bingu wa Mutharika ndi a Jack McConnell anasainirana pangano la ubale wa mayiko awiriwa. Choncho papepala loitanira anthu nditangolembapo kuti Malawi, holo inadzaza. Aliyense ali ndi azakhali ake amene anakagwirako unamwino ku Mulanje kapena anakapentako sukulu ku Ekwendeni, ndipo amandifunsa ngati ndikumudziwa mnyamata wina wa kumeneko, wamtali, wosekaseka. Ndimati ndi msuweni wanga.

Gule wa kuno amayambira pa mapepala. Ndisanaponde n'komwe pansi anandiuza kuti ndidule inshulansi, kenako ndilembe ngozi zonse zimene zingamugwere munthu akuvina. Ndinakhala ndi cholembera usiku wonse. Ngozi za pagule zimene ndimazidziwa ine ndi fumbi, kubedwa kwa pampu ya njinga, ndi kumwetuliridwa ndi mkazi wa mwini. Mayi wa holo uja anafufuta zonsezo n'kulemba kuterereka, kubinya bondo ndi ludzu. Ophunzira nawo amasaina kuti mtima wawo uli bwino, amabwera ndi mabotolo a madzi ngati akupita kudimba, ndipo sitiyamba tisanawongole minyewa kwa mphindi khumi. Kwathu munthu amatula khasu, kusukusula kumaso n'kulowa m'bwalo. Wobinya bondo amapondedwa ndi wapambuyo pake, bondo n'kubwerera m'malo.

Vuto lalikulu ndi kuwerenga. Mzungu savina asanadziwe kuti phazi lamanzere likutera pa nambala yanji. Zonse ziyenera kukwana pa wani mpaka eyiti, pamene ng'oma zambiri za kwathu zimayenda patatupatatu manja akuomba pawiripawiri, ndipo amene anazipeka sanasiye masamu ake. Ndili ndi bambo wina wamtali, injiniya wopuma pantchito, amene amabwera ndi kope. Tsiku lina anaimika dzanja. "Aphunzitsi, sabata yatha munaponda pa 3, lero mwaponda pa 4. Cholondola n'chiti?" Ndinamuuza kuti ya sabata yatha inali ya ku Dowa, ya lero ndi ya ku Ntchisi. Analemba. Chiyambire pamenepo phazi langa likangosochera ndimatchula boma lina. Chigawo chapakati chinatha kalekale, pano tili cha ku Chiradzulu. Malawi ali ndi maboma 28, ndipo akatha ndidzalowa ku Chipata.

Amayi nawo anafuna magule awo, chimtali ndi chitelera. Ine mwamuna wa ndevu zanga ndinayamba kukhala pa YouTube pakati pa usiku, nditatseka chitseko, chitenje m'chiuno, kuti woyandikana naye chipinda asandione. Kutacha ndimakaphunzitsa zimene ndaona. Ndikati tsopano tidule chiuno, mapewa amagwedera, mutu umagwedera, nsidze nazo zimathandizira, koma chiunocho chili duu ngati thumba la simenti limene linanyowa n'kuuma. Ndinaganiza kuti mwina chikusowa chitenje, ndiye ndinauza mlongo wanga kuti anditumizire zotchipa zimene angapeze mumsika. Zotchipa kwenikweni zinali za zipani, zotsala pa kampeni. Pano ukalowa m'holo Lachinayi upeza mayi atavala nkhope ya mtsogoleri wina atagwirana manja ndi mnzake wovala nkhope ya mdani wake, onse akusekerera. Mgwirizano umene atsogoleri a mipingo akhala akuupempherera zaka zonsezi unachitika kale, kungoti unachitikira ku Glasgow.

Za ng'oma ndiye musanene. Ya kwathu yeniyeni sindinaipeze, ndinagula djembe, ng'oma ya anthu a ku Mali ndi Guinea, imene kuno aliyense amaiyesa ya Africa yense. Chikopa ndi chikopa basi, chimadana ndi chinyezi, ndipo Glasgow ndi chinyezi chokhachokha. Mu December dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ngati latulukako n'komwe. Pofika madzulo ng'oma imakhala itafooka, ukaimenya imangoti bwe bwe. Kwathu ukanayatsa udzu n'kuiwamba pamoto. Kuno ukayatsa ngakhale machesi, kachipangizo ka padenga kamakuwa ndipo galimoto zozimitsa moto zimafika ng'oma isanafunde. Ndiye ndimagwada pakona pafupi ndi soketi, ng'oma pakati pa mawondo, ndi makina oumitsira tsitsi amene ndinabwereka kwa wophunzira wina. Ndimawayendetsa pang'onopang'ono mozungulira m'mphepete mwa chikopa, n'kumagogoda ndi chala chapakati kuti ndimve ngati mawu akwera. Kafungo ka mbuzi kamayamba kutuluka. Ophunzira amaima mondizungulira ali chete, manja kumbuyo, poganiza kuti ndi mwambo. Wina anafunsa ngati n'kololedwa kujambula. Ndinati ajambule, koma asaonetse ana.

Injiniya uja ndi amene anabweretsa nkhani imene yandikhalitsa pansi. Anakafufuza n'kupeza kuti mganda, malipenga a ku Nkhata Bay ndi beni wa ku Mangochi anachokera pa kutsanzira perete wa asilikali. Zimenezo ngakhale malume amazidziwa. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna ambirimbiri a kwathu anatengedwa, ena kukhala asilikali a King's African Rifles, ena amtengatenga osenza katundu, ndipo ku Zomba kuli chipilala chokumbukira amene sanabwerere. Obwerera ndi oonerera anatenga kuguba kuja, mizere, mayunifolomu ndi maudindo, n'kuika zikho m'malo mwa malipenga a mkuwa, n'kuthirako chiuno, nthabwala ndi nyimbo zonyogodola mudzi woyandikana nawo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti agogo ake a injiniyayo anali msilikali wa mfumu ya ku Britain cha kwathu komweko. Anabwera ndi chithunzi: bambo wa masharubu, kabudula wofika m'mawondo, sokosi zazitali, kandodo kukhwapa. Ndinangoti uyu ndi malume enieni, kungosiyana khungu.

Taganizani bwino. Agogo ake ankaguba, agogo anga akusuzumira pampanda, n'kupita kumudzi kukawayeseza anthu akufa ndi phwete. Lero mdzukulu akundilipira mapaundi kuti ndimuphunzitse mmene tinkayesezera agogo ake. Akatswiri a zachuma amadandaula tsiku ndi tsiku kuti Malawi amagulitsa fodya ndi tiyi zosakonza n'kumagula zokonzedwa pamtengo wokwera. Katundu amene tinamulandira wosakonza, n'kumukonza tokha, n'kukamugulitsa kwa eni ake omwe, ine ndikudziwapo mmodzi yekha, ndipo womugulitsayo ndine. A unduna wa zamalonda andiganizireko, ngakhale kasatifiketi chabe.

Chowawa n'chakuti mganda ndi gule yekhayo amene ophunzira angawa amamutha. Muli mizere, muli kuwerenga, muli kutembenuka nthawi imodzi, zonse za m'magazi mwawo. Amatembenukira kumanja onse pamodzi, mwaudongo, moti ine ndinaona kuti ndi bwino ndiziima patsogolo ndi wezulo n'kumayang'anira.

Pali zina zimene ndimakana, ndalama ichuluke bwanji. Atamva kuti bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu ndi vimbuza mu 2005, kenako tchopa mu 2014, anapempha kuti tiphunzire zimenezo, wina mpaka anadzipereka kuti asoka zovala. Ine ndinakulira mu Sande sukulu, koma ndinakuliranso ku Dowa, ndipo liwiro limene ndinathamanga tsiku lina nditakumana ndi zilombo panjira ya kuchigayo ndikulikumbuka mpaka lero. Ndinawauza kuti ovina Gule Wamkulu si anthu, ndipo sindikuona mmene angapezere visa. Za vimbuza ndinati amenewo ndi mankhwala a odwala, ndipo inshulansi yanga sifika ku mizimu.

Musaganize kuti iwo alibe gule wawo. Pa 25 January amakumbukira mlakatuli wawo Robert Burns, amadya haggis, zam'kati za nkhosa zosakaniza ndi oats, kenako amavina ceilidh. Anandiitana monga katswiri. Pa gule wina wotchedwa Strip the Willow, mayi wina mwa aja a chiuno chouma anandikola pamkono, kundizunguza, n'kundiponyera kwa mnzake, mnzakeyo kwa wina, mpaka ndinakapezeka ndakumbatira chitsulo chotenthetsera m'nyumba. Atandifunsa ndinati ndimaphunzira kaye kapondedwe kawo.

Munthu amene ndimamuopa kuposa wa msonkho ndi Mmalawi mnzanga. Lachinayi lina chitseko chinatseguka, n'kulowa mayi wina, namwino wa ku Kasungu. Anakhala pampando kumbuyo, chikwama pamiyendo, osanena kanthu. Ndinaphunzitsa chimtali thukuta likuchita kuyenderera kumsana. Titapuma anandiyandikira.

"Achimwene, kwanu n'kuti?"

"Ku Dowa, achemwali."

"Dowa yake iti?"

Sindinayankhe. Anavula mpango wa m'khosi, kuumanga m'chiuno, n'kuvina mwina mphindi imodzi yokha, nsapato za kuntchito zili kuphazi. Holo yonse inati zii. Injiniya anagwetsa kope. Atafunsa kuti kavinidwe kameneko n'ka boma liti, ndinawauza kuti n'ka kalasi ya patsogolo, tidzafikako akalimbikira. Mayiyo potuluka anandinong'oneza kuti, "Musadandaule achimwene, tonse tikusaka." Pano amabwera kamodzi pamwezi monga mlendo wolemekezeka, ndipo ndalama ya tsiku limenelo timagawana mosakomera ine.

Zikanathera pamenepo bwenzi ndikugona tulo. Koma ophunzira anga ayamba kuphika makeke n'kumagulitsa pakhomo la tchalitchi. Akusonkha ndalama ya ulendo. Akufuna kupita ku Malawi nyengo ya mganda ikafika, akaone bwalo limene linatulutsa mphunzitsi wawo, akagwirenso chanza kingi amene anandisula. Ndinayesa kuwaopseza ndi udzudzu, anati alandira kale uphungu wa dokotala. Ndinati msewu ndi woipa, anati n'zimene akufuna.

Ndinaimba foni kumudzi.

"Malume, kukubwera azungu. Akakufunsani, mudzawauze kuti ine ndinkavina pamzere wakutsogolo."

Kunali chete, ndimangomva nkhuku.

"Mphwanga, ukudziwa kuti pano ndine mkulu wa mpingo. Bodza ndi tchimo."

"Ndikudziwa, malume."

"Komanso makabudula a gulu anatha. Sokosi ndiye tikuchita kubwerekana. Ng'oma yaikulu inadyedwa ndi makoswe."

Ndinafunsa kuti zonsezo zingakwane zingati. Anatchula. Ndinaisandutsa mapaundi, n'kupeza kuti ndi malipiro a gule a miyezi ingapo, osachotserapo gawo la namwino uja.

"Malume, tsitsaniko."

"Kutsogolo n'kodula, mphwanga, anthu onse a m'mudzi muno ayenera kuuzidwa. Mzere wachiwiri tikhoza kukambirana. Wachitatu ungogula sokosi ndi mbuzi imodzi."

Pakadali pano tagwirizana za mzere wachitatu, chakumapeto, pafupi ndi mtengo wa mango. Mbuzi ndatumiza kale. Amene akuvutabe ndi alamu anga, akuti iwo pakamwa pawo sipatsekeka ndi sokosi, akufuna foni.