Kuthamanga Sikufika, Ngakhale mu Chizungu

Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Iwo ankanena za miyendo, osadziwa kuti kudzabadwa ana othamanga ndi bolopeni.

Tengani kope la mwana wa giredi 5 ku Chinyunyu kapena kwa Mpanshya, amene wauzidwa kuti alembe mu Chizungu za ulendo wa ku Lusaka. Amayamba ndi "I woke up", kenako "and then", "and then", mpaka tsamba kudzaza, popanda fulusitopu n'kamodzi komwe. Aphunzitsi powerenga mokweza amafika pasiteshoni ya mabasi ya Intercity ali wefuwefu.

Tisamuseke kwambiri mwanayu. Ana ambiri a ku Rufunsa amalankhula Chisoli kunyumba. Silabasi yomwe inayamba mu 2014 inati kuyambira giredi 1 mpaka 4 ana a m'chigawo cha Lusaka aziphunzira mu Chinyanja, ndipo pofika giredi 5 Chizungu chizitenga masamu ndi sayansi yomwe. Zinenero zitatu m'kamutu kamodzi! Kuloweza kokha amatha. Mufunseni tanthauzo la noun, aimirira njo n'kuimba kuti ndi dzina la munthu, malo kapena chinthu. Chomuvuta ndi mabuleki.

Pajatu chiganizo ndi basi ya pa Great East Road. Ma noun ndiwo okwera ndi katundu wawo. Verb ndi injini: ikasowa, mungokhala pasiteshoni kudya chimanga chootcha. Comma ndi kuchepetsa liwiro pa makhota a Manenekela. Question mark ndi wapolisi wa pa rodibuloko, amene sakulolani kudutsa musanamuyankhe. Fulusitopu ndi pa Luangwa Bridge, pomwe injini imazima, anthu n'kutsika kukagula nsomba zouma. Basi ikanyamukanso, imayamba ndi chilembo chachikulu.

Makolo ena amati timadontho timeneti n'tongovutitsa ana pamayeso a giredi 7. Dikirani tsiku lomwe mudzatume mwana kuti alembere mlongo wake wa ku Lusaka pa WhatsApp. Mlongoyo wafunsa ngati malume awagulire shuga. Inu mwati ayi, awagulire mowa: "No, beer for uncle." Mwana wothamanga adumpha comma n'kutumiza "No beer for uncle", kutanthauza kuti malume asapatsidwe mowa.

Uthengawo udzafika msanga ndithu. Koma malume akadzamva chomwe chinawamanitsa mowa, adzakhala oyamba kufika pamsonkhano wa PTA, atavala jekete, kukafunsa ahedi chifukwa chake ana sakuphunzitsidwa comma.